Chenjezo kwa Amalawi okhala kunja: musatumize ndalama yokonzetsera nyumba popanda chikalata

Abale ndi alongo amene muli ku Joni, ku Britain, ku Ireland, ku America, ku Israel ndi kwina konse kumene munapita kukasaka moyo, imvani uthenga uwu musanatumize ndalama ina iliyonse yokonzetsera nyumba kumudzi. Ndalama zimene mumazipeza movutikira zikuthera m'manja mwa amisiri achinyengo, mwa makontalakitala ongodziwika pa Facebook, ndiponso, ngakhale n'zowawa kunena, mwa abale athu enieni amene timawasiyira ntchito yoyang'anira. Munthu amadzimana kwa zaka, kudya mosinira, kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi, koma pobwera pa Khirisimasi amapeza denga likudonthabe, khoma latsopano lang'aluka, ndipo nambala ya mmisiri sikupezeka. Akafunsa kuti ndalama zinapita kuti, aliyense amaloza mnzake.

Achinyengowa amadyera pa mantha. Mvula ikayandikira, foni imalira kuti denga la amayi lipita ndi mphepo, tumizani lero lomwe, mmisiri wapezeka kale ndipo mawa apita kukagwira kwina. Manthawo ali ndi chifukwa chake. Tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, komanso wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagwetsa nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje, n'kusiya anthu oposa 600,000 alibe pokhala. Munthu ali kutali akamva zotere mtima umakhala m'mwamba, ndipo amatumiza asanafunse. Komatu denga lokhomedwa mothamanga ndi mmisiri wosadziwika ndi lomwe limayamba kusasuka mphepo ikawomba. Wakutsina khutu ndi mnansi: masiku atatu ofufuza sangagwetse nyumba, koma ndalama yotumizidwa mwaphuma kawirikawiri sibwerera.

Njira zimene ndalama zanu zimathera

Yoyamba ndi mtengo wa anthu a kunja. Mmisiri wosakhulupirika akangomva kuti mwini nyumba ali ku Cape Town kapena ku Manchester, leba yomwe akanamutchaja mnansi wake imakwera pomwepo. Ena amatchula mtengo wotsika dala kuti apeze ntchito. Akasasula denga lakale n'kusiya nyumba pamtetete ndiye amayamba zoti zinthu zakwera, onjezerani. Apa simungakanenso poti makolo akugona poyera. N'zoona kuti zinthu ku Malawi zimakwera. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, malata ndi zitsulo zinakwera nawo. Koma mawu oti zakwera asanduka bulangete lofunditsa bodza lililonse. Mtengo wa thumba la simenti si chinsinsi. Kuimba foni kamodzi ku sitolo ya hadiweya ya m'tauni kukuuzani zoona.

Yachiwiri ndi kusinthanitsa zipangizo. Mumalipira malata a geji 28, padenga n'kukhomedwa a geji 32. Nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala, koma pachithunzi cha pa WhatsApp onse amanyezimira mofanana. Mumalipira matumba 40 a simenti, khumi n'kutuluka pa njinga ya kabaza madzulo, otsalawo n'kuwachulukitsira mchenga, moti pulasitala wake amayoyoka mukamukanda ndi chikhadabo. Ena amagula motchipa simenti yokhalitsa imene yayamba kale kuundana. Matabwa a denga amaika aawisi, osapaka mankhwala a chiswe, ndipo akamauma amapindika n'kuzula misomali. Mu ring'i bimu amachepetsa zitsulo podziwa kuti konkire ikathiridwa palibe adzaziwerenge. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata yathunthu ndipo imafika pa mphamvu yake yeniyeni patatha masiku 28, koma wothamangira ntchito ina sadikira zimenezo. Zoipa zonsezi amazibisa ndi penti.

Pa magetsi ndiye pali imfa. Waya wopyapyala woikidwa pa kuka kapena pa giza amatentha mkati mwa siling'i mpaka moto kubuka usiku anthu ali m'tulo, ndipo nyumba yopanda waya wa ethi imatha kupha munthu wogwira mpope ali m'bafa. Pali enanso amene amalumikiza magetsi kapena madzi mozembera mita, n'kumanamizira kuti akuthandizani. A ESCOM kapena a Water Board akadzatulukira, adzafuna mwini mita, osati wolumikiza uja.

Yachitatu ndi adivansi. Mmisiri amapempha theka la ndalama kapena yonse asanagwire kalikonse. Amabwera masiku awiri, kugumula apa ndi apo kuti pajambulidwe zithunzi, kenako wadwala, kenako ali kumaliro, mapeto ake foni yazima. Nthawi zambiri ndalama yanuyo amakhala wamalizira ntchito ya munthu wina amene anamudyera kale. Zithunzi nazo zimanama. Amajambula mbali imodzi yokha ya nyumba, kapena mulu wa malata uli m'sitolo, kapenanso bafa la matayilosi la nyumba ya eni ake.

Yachinayi ndi imene ambiri timaopa kuitchula. Ndalama imafika bwinobwino kwa achimwene, achemwali kapena amalume, koma kwa mmisiri imafika theka. Nthawi zina si kuba kwadala: pakhomo pagwa maliro, mwana wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, feteleza akufunika, ndiye amati tibwerekeko tidzabweza. Nthawi zina ndi kugwirizana ndi mmisiri kuti akweze kotesheni n'kugawana zapamwambazo. Mmisiri wosalipidwa amanyamula zida zake n'kuchoka, inu n'kumamutukwana kuti ndi mbava, pamene wodya ndalamayo ali m'banja momwemo.

Ufulu muli nawo, koma umafuna umboni

Kukhala kunja sikukuchotserani ufulu wanu ngati wogula ntchito ku Malawi. Ngakhale zitakhala kuti mapepala anu a kumene muliko sali bwino, zimenezo sizikhudza mlandu wa nyumba yanu ya ku Bangwe, ku Area 25 kapena ku Chibavi. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003 limati wogula katundu kapena ntchito ayenera kuuzidwa zoona ndi zomveka, kutetezedwa ku zinthu zoika moyo pachiswe, ndi kulipidwa akaonongeredwa. Lamulo la Competition and Fair Trading Act la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 1998, limaletsa kunamiza ogula, ndipo linapatsa bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC mphamvu zolipiritsa chindapusa ndi kulamula kuti wolakwiridwa abwezeredwe ndalama. Amene walandira ndalama kuti agwire ntchito ayenera kuigwira mwaluso, ndi zipangizo zimene munagwirizana, pa nthawi imene munagwirizana.

Koma lamulo silimva misozi, limamva umboni. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, koma mukadzakangana, mawu anu ndi a mmisiri adzalemera mofanana, ndipo iye ali pomwepo pamene inu muli kutali. Funso loyamba limene mudzafunsidwa ndi lakuti munagwirizana ndi ndani. Ngati amene anakambirana ndi mmisiri ndi achimwene anu, ndipo ndalama zonse zinkadzera kwa iwo, mmisiri adzangoti sakukudziwani, ndipo kutsimikiza kuti achimwenewo ankaimira inu kudzakhala mlandu winanso. Lisiti la Mukuru kapena la WorldRemit limangoonetsa kuti munatumizira m'bale wanu ndalama. Silinena kuti inali ya malata. Wina angathe kunena kuti inali ya ndiwo. Dziwaninso kuti malamulo oteteza ogula a ku London kapena a ku Johannesburg sangakuthandizeni pa ntchito yogwiridwa ku Malawi ndi mmisiri wa ku Malawi. Mlandu wake ndi wa ku Malawi komweko.

Chimene chimakuthandizani ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe limalola kuti uthenga wa pa foni ndi pa intaneti ukhale umboni. Choncho chikalata chosainidwa n'kujambulidwa, mauthenga olembedwa a pa WhatsApp, ndi mbiri ya ndalama ya pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, zonsezi ndi zida zanu. Zimene mwakambirana poimba foni zilembeni mu uthenga pambuyo pake, ndipo mnzanuyo ayankhe kuti wavomera.

Chitani izi musanatumize tambala

Choyamba, mudziweni mmisiriyo. Tengani dzina lake lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika, kumene amakhala, ndi nambala za anthu awiri kapena atatu amene anawagwirira ntchito. Aimbireni nokha, ndipo tumani munthu akaone nyumbazo, makamaka imene yadutsa dzinja limodzi kapena awiri. Funsani ngati ali ndi satifiketi ya Trade Test kapena anaphunzira m'sukulu za TEVETA. Ngati ndi kampani, ionetse kalata yakuti inalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, limene ambiri tinalizolowera ndi dzina la NCIC. Pa magetsi musanyengerere: wogwira ntchitoyo akhale ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira za magetsi la MERA. Ngati mukuonjezera chipinda kapena kusintha kamangidwe ka nyumba mumzinda wa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, pulani idzere kukhonsolo, chifukwa chomangidwa popanda chilolezo akhoza kuchigwetsa.

Chachiwiri, pezani makotesheni atatu kwa amisiri osadziwana, ndipo iliyonse ilekanitse leba ndi zipangizo. Wofunsa mitengoyo asaulule msanga kuti mwini nyumba ali kunja. Musathamangire yotsikitsitsa, chifukwa nthawi zambiri ndi nyambo.

Chachitatu, lembani chikalata. Sichifuna Chingerezi chapamwamba kapena loya. Chichewa chomveka ndi chokwanira. Chikhale m'dzina lanu, osati la wokuyang'anirani. Chitchule ntchito yonse mwatsatanetsatane, kuchuluka ndi mtundu wa zipangizo, geji ya malata, mphamvu ya simenti kaya ndi 32.5 kapena 42.5, kukula kwa matabwa ndi kwa waya, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndiponso mtengo wonse wa leba. Chinene kuti palibe choonjezera chimene chidzalipidwe pokhapokha inu mutavomera molemba ntchitoyo isanagwiridwe, kuti zotsala ndi zosasulidwa monga malata akale ndi zanu, ndiponso kuti malipiro a madakaboyi ali m'manja mwa mmisiri. Asaine iye ndi mboni ziwiri, ndipo imodzi ikhale yosakhala m'bale wanu, monga nyakwawa, mkulu wa mpingo kapena shehe.

Chachinayi, zipangizo gulani nokha. Masitolo ambiri a hadiweya amalandira ndalama kudzera kubanki kapena pa foni. Lipirani kusitolo komweko, lisiti lilembedwe dzina lanu, ndipo katundu akafika awerengedwe pamaso pa anthu awiri n'kutsekeredwa. Wosunga kiyi asakhale mmisiri, ndipo azilemba m'kope matumba otuluka tsiku lililonse. Pa simenti ndi malata onani chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS.

Chachisanu, lipirani pang'onopang'ono motsata ntchito yooneka. Gawani leba m'zigawo: kusasula ndi kuika matabwa, kukhoma malata, siling'i, kenako penti. Chigawo chilichonse chilipidwe chikatha, mwachindunji ku nambala kapena akaunti ya dzina la mmisiri mwiniwakeyo. Gwirani 10 peresenti ya leba mpaka nyumba itadutsa mvula yamphamvu, ndipo zimenezi zilembedwe m'chikalata kuyambira pachiyambi. Makontalakitala a ntchito zikuluzikulu amagwiriridwa ndalama chimodzimodzi, kotero palibe chipongwe pamenepo.

Chachisanu ndi chimodzi, wogwira ndalama asakhale yemweyo woyendera ntchito. Lembani munthu wina wodziwa zomanga, monga folomani wopuma ntchito kapena mphunzitsi wa kusukulu ya ntchito zamanja, kuti azikaona chigawo chilichonse chisanalipidwe, makamaka zimene zimakwiririka: zitsulo konkire isanathiridwe, mapaipi dothi lisanabwezeredwe, mawaya siling'i isanakhomedwe. Mulipireni, ndalama imeneyo siyotayika. Musakhutire ndi zithunzi. Imbani foni ya kanema masana, wonyamula foniyo ayambire pamsewu kuti muzindikire kuti ndi panu, ndipo ayende kumene inu mukumuuza.

Pomaliza, ndalama yothandizira abale ikhale payokha. Ngati mukudziwa kuti pakhomo pali njala, tumizani ya ufa padera, ndipo amene akuthamangathamanga m'malo mwanu mumpatse ya thiransipoti ndi yothokoza. Wotumidwa ndi mimba yopanda kanthu amatapa pa simenti.

Zinthu zikavuta

Mukangoona kuti nkhani sizikugwirizana, imitsani ndalama nthawi yomweyo. Musatumize ina poganiza kuti mwina amaliza. Musalembenso mmisiri wina kuti agumule msanga, chifukwa mukatero mwafufuta umboni. Yambani mwajambulitsa zonse, ndipo munthu wodziwa ntchito alembe zolakwikazo ndi mtengo wozikonzera. Kenako mulembereni mmisiriyo kalata yomupatsa masiku owerengeka, monga 14, kuti akonze kapena abweze ndalama, ndipo sungani umboni woti wailandira. Ambiri amagonja nkhani ikafika kwa amfumu kapena kwa wapampando wa m'dera, poopa kutaya mbiri pamalo pamene amadyera.

Zikakanika pamenepo, lembani dandaulo ku CFTC muli kunja komweko, ndipo mutha kupemphanso uphungu ku bungwe loimira ogula la CAMA. Kontalakitala wolembetsa mukamunenere ku bungwe limene linamupatsa chilolezo, wa magetsi ku MERA. Siyanitsani milandu iwiri. Amene walandira ndalama mwa bodza alibe n'cholinga chomwe chogwira ntchito, kapena wagulitsa zipangizo zanu, wapalamula mlandu wa kupolisi. Koma ntchito yogwiridwa mosalongosoka ndi mlandu wofuna chipukuta misozi, ndipo umapita kukhoti; kukhoti la majisitireti kuli njira yachidule ya milandu ya ndalama zochepa. Akuluakulu amati mlandu suola, koma pa nkhani ya mapangano lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo mboni zimasamuka. Musadikire kuti mudzaone mukadzabwera.

Ngati mukufuna wina akuimireni, mpatseni chikalata cha mphamvu chosainidwa pamaso pa loya wovomerezeka kumene muliko. Koma samalani kwambiri: chinene momveka kuti mphamvuyo ndi ya kukonzetsa nyumba ndi kutsata mlanduwo basi, osati kugulitsa, kubwereketsa kapena kuika malo pa chikole. Mapepala a umwini wa malo musawapereke kwa mmisiri kapena kontalakitala pa chifukwa chilichonse. Ndipo ngakhale mtima utawawa chotani, musathamangire kuika chithunzi cha munthu pa Facebook n'kumutchula mbava, chifukwa akhoza kukusumirani mlandu woipitsa mbiri, inu wolakwiridwa n'kusanduka woyankha.

Kwa amene mukukonzetsa nyumba kumene muliko

Ngati mukuchita lendi, dziwitsani mwini nyumba molemba musanaitane mmisiri, chifukwa zokonza zikuluzikulu zambiri ndi udindo wake. Ngati nyumba ndi yanu, malamulo a kumeneko amakutetezani ngakhale ndinu mlendo. Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati ntchito igwiridwe mosamala ndi mwaluso, apo ayi ibwerezedwe kapena mtengo utsitsidwe. Pangano losainidwa pakhomo panu nthawi zambiri mutha kulithetsa pasanathe masiku 14, ndipo ntchito ya gasi ndi ya okhawo olembetsa ku Gas Safe Register. Ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limapereka chitsimikizo cha miyezi itatu pa zipangizo zoikidwa pokonza ndi pa leba yake, ntchito ya magetsi imafuna satifiketi yotsimikiza kuti yagwiridwa motsata malamulo, ndipo ku Small Claims Court simufunika loya. Ngakhale mmisiriyo akhale wakumudzi kwanu, wolankhula chinenero chanu, lembani pangano ndipo musalipire pamanja popanda lisiti.

Kwa amisiri ndi abale otsala kumudzi

Amisiri ambiri a ku Malawi ndi anthu okhulupirika, okwera padenga dzuwa likuswa mtengo kuti adyetse ana awo, ndipo enanso amaberedwa ndi mabwana a kunja amene ntchito ikatha amasiya kuyankha foni. Chikalata chimateteza onse awiri. Inu amisiri, chifuneni nokha, ndipo inu eni nyumba, chigawo chikatha bwino lipirani tsiku lomwelo. Mmisiri woona sakwiya akauzidwa kuti asaine. Wokwiyayo wadziulula yekha. Inu abale amene mwasiyiridwa ntchito, kumbukirani kuti ndalama imeneyo ndi thukuta la munthu wotsuka mbale, wosamalira okalamba usiku, wolima m'munda wa eni ake kudziko lachilendo. Ngati mwavutika nenani poyera, musatape mwakachetechete. Chibale ndi fupa sichiola, koma mabanja ambiri lero salankhulana chifukwa cha matumba a simenti.

Uthengawu ufike m'magulu a maliro, m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu a WhatsApp a anthu a kwanu kulikonse kumene Amalawi amasonkhana kunja. Auzeni amene angofika kumene ndi amene akukonzekera kutumiza mwezi uno. Ngati palibe chikalata cha m'dzina lanu, palibe lisiti, ndipo palibe munthu wapadera wokaona ntchito, ndalamayo isachoke m'manja mwanu.